Makina Osokera Zikopa Akayamba Makani

Mlungu uno ndati tisiyeko pang'ono za kumphika ndi za ana, tikambirane za chitsulo. Mwezi uno andipeza makalata awiri, ina yochokera ku Dedza, ina ku Mzuzu, ndipo onse akudandaula chinthu chimodzi. Gulu la amayi lidasonkha ndalama, pena lidakongola, nkugula makina aakulu osokera zikopa, koma lero makinawo angokhala pangodya atafunditsidwa chitenje, pamene ngongole ikukulirakulira. Mayi wa ku Dedza walemba kuti anzake ayamba kunong'onezana kuti makinawo adalodzedwa. Mayi, ndakumvani, ndipo sindikusekani, popeza mawu omwewo adamvekanso m'gulu lathu. Ine sindine mmisiri, sukulu ndidalekezera ku pulaimale, koma zimene ndilembe pano ndidaziona ndi maso anga ndipo zina ndidazilipira ndi misozi.

Poyamba timvetsane kuti makina a zikopa amasiyana bwanji ndi aja a m'nyumba amene tidalandira kwa amayi athu. Makina a m'nyumba amakoka nsalu ndi mano a pansi okha, phazi la pamwamba limangopanikiza. Chikopa sichilola zimenezo. Chimamatirira ku phazi, ndiye cha pansi chimayenda, cha pamwamba chimatsalira, ndipo pofika kumapeto mupeza mbali ziwiri zasiyana. Makina enieni a zikopa ali ndi mapazi awiri amene amasinthana popondapo, monga munthu akuyenda, ndipo singano, phazi la mkati ndi mano a pansi zimakokera chikopa pamodzi. Wogulitsa akakuuzani kuti makina ndi a zikopa chifukwa chabe ndi olemera ndiponso ali ndi mota yaikulu, zungulizani gudumu ndi dzanja muone ngati mapaziwo akuyenda. Ambiri adagula makina osokera mayunifolomu poganiza kuti ndi a zikopa.

Makina a zikopawo alinso mitundumitundu. Aja a mkono wautali wowonda amene mumawaona kwa osoka nsapato pamsika, ambiri ndi Singer 29K kapena ena opangidwa mowatsanzira. Chilembo K chija chimanena za Kilbowie, ku Clydebank m'dziko la Scotland, kumene kudali fakitale yaikulu ya Singer yomwe idatsekedwa mu 1980. Choncho mukaona 29K yeniyeni, dziwani kuti ndi nkhalamba yoyenera ulemu. Ntchito yake ndi yoika zigamba ndi kulowa m'malo opanikizika, ndipo kabobini kake ndi kakang'ono zedi, ulusi suchedwa kutha. Athu ife ndi a thebulo lafulati, Singer 111W155, opangidwa ku Bridgeport m'dziko la America. Juki LU-563 ndi Consew 206RB ndi abale ake, kotero zambiri zimene ndinene zikhudzanso amene muli ndi amenewa.

Makina athuwa tidawagula ogwiritsidwa kale ntchito, ndi ndalama za ku banki m'khonde. Miyezi yoyamba zinthu zidayenda bwino, mpaka mwini sitolo ina ya kunyanja adatipatsa oda ya zikwama za m'manja 40, zoti zifike Tsiku la Anakubala, pa 15 Okotobala, lisanakwane. Tidakondwa kwabasi. Tidatenga ndalama zonse za m'thumba la gulu nkukagula zikopa za mbuzi zofufutidwa bwino, mazipi ndi ulusi. Titasoka zikwama 11, masingano amene tidagulira limodzi ndi makina adatha.

Ndidapita ndekha kutauni, ndipo mlandu uwu ndiuvomere pamaso panu. Ndidalowa m'sitolo ya zipangizo za atelala nkunena kuti ndikufuna masingano a makina aakulu. Mnyamata wogulitsa adandipatsa paketi, ine osayang'ana nambala, nkulipira. Kufika kunyumba singano idalowa bwinobwino m'malo mwake, koma makina adakana kutola ulusi wa pansi. Singano inkatsika nkukwera, chikopa chikungobooka mabowo opanda kanthu.

Tidaitana makaniko wina amene amakonza makina a atelala pamsika. Sadafunse kanthu za singano. Adamasula sikuluwu, natsitsa chitsulo chimene chimagwira singano, nayesa pa kansalu, makina nkusoka. Tidamulipira, tidamuphikiranso tiyi. M'mawa mwake titaikapo chikopa chopinda, kudamveka kugogoda, chitsulo chija chikumenya phazi, ndipo masingano adayamba kuthyoka. Zikopa za zikwama 3 zidawonongeka tsiku limenelo. Paja nsalu ukalakwitsa umasomola ulusi nkuyambanso, koma bowo la pa chikopa silitsekeka mpaka kalekale.

Tsiku lachitatu padakhala mtsikana wina, wamng'ono pa gulu lonse, wongokwatiwa kumene m'mudzi mwathu. Atangoponda, ulusi udapiringizana pansi, kudamveka kuti tha! ndipo kuyambira pamenepo gudumu linkazungulira, singano ikuyenda, koma mbedza ya pansi yotola ulusi itangoima chiriri. Amayi adamuunjikira mwanayo. Ena adati alipire, ena adati atuluke m'gulu, ndipo apongozi ake adamva nkhaniyi dzuwa lisanalowe. Adapita kwawo akulira, osabweranso masiku anayi. Ine amene ndidagula masingano olakwika ndidali phee pampando wa wapampando, osadziwa kuti gwero la zonsezi ndine.

Amene adatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire, amene pa unyamata wake adagwirapo ntchito m'fakitale ya nsapato. Abambo a kwathu ndiwo adakamutenga pa njinga. Atafika sadakhudze sikuludiraiva. Adapempha kuti timuonetse paketi ya masingano, koni ya ulusi ndi kachidutswa ka chikopa kamene tidasoka komaliza. Atayang'ana adapukusa mutu nati, "Amayi, makina awa alibe matenda. Mwawaveka nsapato za mwana." Dongosolo limene adatiphunzitsa tsiku limenelo ndilo ndikufuna mulisunge: yambani ndi singano, kenaka ulusi, kenaka njira imene ulusi wadutsa, ndipo sikuluwu ikhale yomalizira.

Pa paketi ya masingano pamakhala manambala a mitundu iwiri. Yoyamba imanena mtundu wa singano, ndiye kuti kutalika kwake ndi kukula kwa tsinde lake. Makina a mapazi oyenda monga athuwa amafuna 135x16 kapena 135x17. Ine ndidagula 135x5, imene tsinde lake ndi lofanana ndi la zinzakezo, nchifukwa chake idalowa, koma ndi yaifupi ndi pafupifupi theka la sentimita. Mbedza inkadutsa pansi pa singano osapeza ulusi. Makaniko uja, m'malo mosintha singano, adatsitsa chitsulo chonse kuti chilondole singano yaifupiyo, ndipo chitsulocho chidatsika mpaka kumagunda phazi chikopa chikakhala chochindikala. Amene muli ndi 29K, masingano anu ndi 29x4 pa chikopa ndi 29x3 pa nsalu. Lembani nambala yanu pa kapepala, mukamate pa thebulo la makina, ndipo wopita kukagula atenge singano yakale m'thumba kuti akayerekeze.

Kusiyana kwa 135x16 ndi 135x17 kuli kunsonga. Ya 135x16 ili ndi nsonga yonga kampeni, imadula chikopa polowa. Ya 135x17 nsonga yake ndi yobulungira, imangopatula ulusi wa nsalu. Chikopa chenicheni chimafuna yodula. Koma rekizini, tenti ndi malamba oluka a zikwama za sukulu zimafuna yobulungira, popeza yodula ija imadula nsalu ya kunsi kwa rekizini ndipo msoko umadzang'ambika msanga. Ndiponso posoka ndi singano yodula, masitichi asathithikane. Akayandikana kwambiri, chikopa chimakhala ngati pepala la risiti limene adaliboolera kuti ling'ambike mosavuta. Pa zikwama ife timasiya mamilimita 3 kapena 4 pakati pa bowo ndi linzake.

Nambala yachiwiri ndi ya kunenepa kwa singano, ndipo iyenera kugwirizana ndi ulusi. Mukaona 110/18, ndiye kuti singanoyo ndi yonenepa milimita 1.1, ndipo 140/22 ndi milimita 1.4. Ulusi wa zikopa ndi wa nailoni wokutidwa kuti usamasuke, ndipo manambala ake amasokoneza, chifukwa pa makoni ambiri nambala ikamakula ulusi umachepa. Wa 40 ndi wowonda, umayenda ndi singano ya 110/18. Wa 30 umafuna 120/19 kapena 125/20. Wa 20 ndi wonenepa, umafuna 140/22 kapena 160/23, ndipo makina a mtundu wathuwu malire ake ndi amenewo. Bambo uja adationetsa kayesedwe kosafuna sukulu. Dulani ulusi wotalika ngati mkono, ulowetseni pa diso la singano yosamangidwa ku makina, gwirani nsonga ziwiri nkupendeketsa. Singano ikatsetsereka yokha, zagwirizana. Ikakakamira, ndi yaing'ono, ndipo ulusi uzidzanyotsoka nkumaduka.

Poika singano onetsetsani kuti yafika kumapeto kwa bowo lake musanamange. Mbali imodzi ya singano ili ndi kangalande kakatali, mbali inayo ili ndi malo okumbika pang'ono pamwamba pa diso. Pa makina athu kangalande kamayang'ana kumanzere, malo okumbikawo kumanja kumene kuli mbedza, ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzere. Masingano a makina aakulu tsinde lake ndi lobulungira, alibe mbali yafulati yokutsogolerani monga a m'nyumba, choncho nkosavuta kuika mokhota. Singano yopindika muidziwa poigubuduza pa galasi. Musaumire, itayeni m'kabotolo kotseka kuti ana asaiponde.

Tsono za mbedza imene idaima ija, yomwe idaliritsa mwana wa eni. Bambo uja adaseka mpaka kutsokomola. Makina amenewa adawapanga ndi chitetezo mkati: ulusi ukapiringizana mu mbedza, kachitsulo kena pansi pa thebulo kamamasuka dala kuti mbedza isathyoke ndiponso kuti kayendedwe ka makina kasasokonezeke. Phokoso limene tidamva lija lidali la makina akudziteteza. Adachotsa ulusi wonse wopiringizana, nadina kabatani kamene kali pa bedi la makina pafupi ndi tsinde la mkono, nazunguliza gudumu chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kudamveka kuti khe! Atasiya kabataniko, mbedza idayambanso kuzungulira. Ntchito yonseyi sidathe ngakhale mphindi 5. Chenjerani, pa bedi pali mabatani awiri, lina ndi losinthira kutalika kwa masitichi. Madzulo omwewo ine ndi mlembi wa gulu tidapita kwa apongozi a mtsikana uja kukapepesa, ndipo ndidanena poyera kuti wolakwa ndidali ine.

Adabwezeranso chitsulo cha singano m'malo mwake. Pano ndifotokoze mwachifatse, osati kuti aliyense ayambe kumasula, koma kuti makaniko akamagwira ntchito muzitha kuona ngati akudziwa chimene akuchita. Singano ikafika pansi penipeni nkuyamba kukwera, ulusi umapanga kakhwekhwe kumbali kwake, ndipo nsonga ya mbedza iyenera kufika nthawi yomweyo kudzakola kakhwekhweko. Pa 111W155, singano ikakwera mamilimita pafupifupi 2.4 kuchokera pansi, nsonga ya mbedza ikhale ili pakati pa singano, milimita imodzi ndi theka pamwamba pa diso, itayandikira kwambiri koma osakhudza. Pa chitsulo cha singano pali timizere tiwiri tothandiza kuyeza zimenezi. Tsegulani chivundikiro, zungulizani gudumu ndi dzanja chakwa inu, mudzionere. Makina a mitundu ina ali ndi miyeso yakeyake, ndipo mabuku ake ambiri akupezeka pa intaneti. Tumani mwana wa sukulu akufunireni ndi nambala ya makina anu, mukasindikize.

Za kukoka kwa ulusi nzosavuta kuposa mmene ambiri amaganizira. Ulusi wa pamwamba ndi wa pansi amakokana, ndipo mfundo yake iyenera kubisala pakati pa chikopa. Mfundo zikamaoneka kunsi, wa pamwamba walefuka, mangani pang'ono nati ya pa timbale tiwiri timene ulusi umadutsapo. Zikamaoneka pamwamba, mwamangitsa, masulani. Kasikuluwu ka pa nyumba ya bobini kasiyeni, kakhudzeni pokhapokha mwasintha kukula kwa ulusi, ndipo muzikapotoza pang'ono ngati mukupima mchere. Poyesa, ikani ulusi wakuda pamwamba, woyera pansi, kuti muone bwino amene akugonja. Yesani pa zidutswa za chikopa chomwecho, zopindidwa monga mmene chikwama chidzakhalire. Kansalu ka makaniko uja ndiko kadatinamiza.

Chisa cha ulusi chimene chimamangika kunsi poyamba msoko chili ndi zifukwa ziwiri. China ndi kulowetsa ulusi phazi lili pansi. Phazi likatsika timbale tija timatsekana, ulusi umangodutsa pamwamba osalowa pakati, ndipo umatsika wopanda choukoka. Kwezani phazi musanalowetse ulusi. Chinacho, chimene chidagwetsa mtsikana uja chifukwa palibe adamuuza, ndi kusagwira michira ya ulusi. Pa makina amenewa gwirani nsonga zonse ziwiri ndi chala kumbuyo kwa phazi mpaka mutasoka masitichi atatu. Ulusi ukamaduka ngakhale singano ili yoyenera, pitirizani chikhadabo pa nsonga ya mbedza ndi pa bowo limene singano imalowa. Singano ikathyoka imasiya kachilonda pa chitsulo, ndipo kachilondako kamadya ulusi. Kasalazeni ndi sandipepa wosalala kwambiri, mwaulemu, osafupikitsa nsonga.

Nthawi zina makina amasoka bwino pafulati, koma akafika pamphambano ya misoko amadumpha. Yang'anitsitsani, mudzaona chikopa chikunyamuka pamodzi ndi singano pokwera, motero kakhwekhwe kaja sikapangika. Onjezerani mphamvu ya phazi pomanga sikuluwu yake yopanikizira. Komatu mukapyoza muyezo mapazi amasiya zipsera, makamaka pa chikopa cholimba chofufutidwa ndi makungwa. Mapazi osalala opanda mano amagulitsidwa paokha ndipo sadula. Malo ochindikala asengeni ndi mpeni wakuthwa kapena ameneni ndi kanyundo musanasoke. Pogwirizanitsa zidutswa musabaye mapini, gwiritsani zopanira kapena guluu, ndipo guluuyo aume kaye. Guluu wamuwisi amamatirira ku singano, ulusi umakanirira, masitichi nkumadumpha. Makina athu alibe chobwezera m'mbuyo, choncho pomaliza msoko timatembenuza chikwama singano ili pansi nkubwereza m'mabowo omwewo, kenaka timawaula nsonga za nailoni ndi machesi.

Za mafuta ndinene mwachidule koma mwamphamvu. Mafuta ophikira asayandikire makina. Amauma nkukhala ngati ulimbo. Oyilo wa galimoto ndi wolemera ndipo amadetsa chikopa. Gulani mafuta oyera a makina osokera, mudonthezere m'timabowo tonse m'mawa uliwonse wa ntchito, ndi kadontho kamodzi m'njira ya mbedza mukamasintha bobini. Makina amene adakhalitsa osagwira ntchito, tsukani ndi palafini, pukutani, kenaka thirani mafuta.

Oda ija tidapereka zikwama 34, zikopa zitatithera ndipo ndalama zogulira zina palibe. Mwini sitolo adalandira koma nkhope itagwa, ndipo padapita nthawi asanatipatsenso ntchito. Ngongole ya mwezi umenewo tidabweza ndi ndalama za mandasi.

Titapuma tidakhala pansi kukambirana vuto lina limene tidali kulibisa. Pa amayi 12 a m'gulu lathu, awiri okha ndiwo ankalimba mtima kukhala pa makina. Enafe tinkaopa, chifukwa ukangoponda pang'ono amathamanga ngati ng'ombe yolumidwa ndi njuchi, ndipo pokhota msoko umapitirira. Ena adati tiwagulitse tigule atsopano. Amuna ena a amayi a m'gulumo adatinso ntchito ya zikopa si ya akazi. Bambo wachikulire uja adatiuza kuti mutu wa makina ulibe chifukwa, liwiro likuchokera pansi pa thebulo.

Mota yakale ija ndi ya kilachi. Mukangoyatsa imazungulira osaleka, kaya mukusoka kaya mukucheza, nchifukwa chake imalira tsiku lonse ndi kudya mayunitsi a magetsi. Pa magetsi athu a kuno zambiri zimazungulira ka 1,425 pa mphindi, zina ka 2,850. Adazipangira a m'fakitale osoka misoko yaitali yowongoka, osati mayi amene akuzungulira kathumba ka chikwama. Ili ndi ngozi inanso: mukazimitsa imapitirira kuzungulira kwa kanthawi, ndipo wina akaponda nthawi imeneyo singano imatsika. Musanagwire singano, zimitsani, chotsani ulusi pa singano, pondani mpaka mota itaima. Ana asasewere pansi pa thebulo, ndipo nsonga ya chitenje ikhale kutali ndi lamba.

Chosintha choyamba, chotsika mtengo, ndi kagudumu ka pa mota kamene amisiri amati pule. Kakakhala kakakulu makina amathamanga. Mukachotsa ka mamilimita 100 nkuika ka 50, liwiro limatsika ndi theka ndipo mphamvu yobowola imawirikiza. Mudzafunikanso lamba wamfupi. Pomanga, lamba asalimbe ngati chingwe cha uta, muzitha kumudinikiza ndi chala nkulowa pafupifupi sentimita imodzi. Gulu limene thumba lake ndi lopepuka liyambire pamenepa. Ife tidayenda nazo chaka chathunthu.

Kenaka tidagula mota ya servo, ndipo pa ndalama zonse zimene gulu lathu lidawonongapo, izi ndizo sindidandaula nazo. Servo imazungulira pokhapokha mwaponda, mukachotsa phazi imaima nthawi yomweyo, ili chete, ndipo liwiro mumalichepetsa nokha pa kabokosi kake. Zambiri ndi za mawati 550 kapena 750, ndipo pa zikopa ndingasankhe ya 750. Kawirikawiri imalowa m'mabowo atatu omwe aja a mota yakale. Woika aonetsetse kuti gudumu likuzungulira chakwa wosoka, popeza ikazungulira chobwerera ulusi umapiringizana pomwepo. Poti siidya magetsi pamene simukusoka, magulu amene ali ndi sola ndi inveta yamphamvu amatha kuigwiritsa ntchito, pamene ya kilachi imakoka moto wambiri poyaka. Kuipa kwake nkwakuti mkati muli zipangizo zosakhwima zimene zimapsa magetsi akabwera mwamphamvu. Gulani chotetezera monga chija cha pa firiji, ndipo magetsi akazima kapena kukamachita ziphaliwali, zulani pulagi.

Pali chinanso chotchedwa speed reducer, magudumu awiri ophatikizana, lalikulu ndi laling'ono, amene amamangidwa pakati pa mota ndi makina ndipo amafuna malamba awiri. Ambiri amachepetsa liwiro katatu nkuwonjezera mphamvu katatunso. Amathandiza osoka malamba a m'chiuno ndi zikopa zolimba, popeza servo ikamayenda pang'onopang'ono nthawi zina imalephera kubowola. Ife a zikopa za mbuzi sitidaone chifukwa chogulira. Ndipo pano ndichenjeze: mota yamphamvu siisandutsa makina kukhala a mtundu wina. Athuwa amatha chikopa chofewa chochindikala mpaka mamilimita 8 kapena kuchepera apo. Zidendene za nsapato ndi zingwe za ngolo zimafuna makina ena, monga Singer 45K kapena Juki TSC-441. Mukakakamiza, chimene chikadangoima chidzathyoka. Chikopa chongoyanika padzuwa chosafufuta nacho chisafike pa makina, ndi cha ng'oma chimenecho.

Tinthu tina tating'ono tidatisinthiranso ntchito. Kanyali ka LED ka maginito, komata pa mutu wa makina, kadathandiza amayi a maso ofooka. Kachitsulo kolondolera m'mphepete kamapangitsa msoko kuwongoka ngakhale wosoka ali wophunzira. Amene mukufuna kugula makina ogwiritsidwa kale ntchito, makamaka ochokera m'mafakitale, werengani kachitsulo ka pa mota. Zina ndi za magetsi a mafezi atatu, ndipo siziyaka pa magetsi a m'nyumba a mavoti 230. Pendeketsani mutu wa makina muone lamba wa mkati amene amalumikiza chitsulo cha pamwamba ndi cha pansi. Akakhala wong'aluka kapena wofewa ndi mafuta, mtengo utsike, chifukwa kumusintha ndi ntchito ya mmisiri weniweni. Ndipo pitani ndi chikopa chanu ndi ulusi wanu, musokepo nokha musanatulutse ndalama.

Lero amayi onse a m'gulu lathu amakhala pa makina mosinthana. Tidagula kope limene limakhala m'dirowa, ndipo aliyense amalembamo tsiku, singano ndi ulusi umene wagwiritsa ntchito, ndi chilichonse chachilendo chimene wamva. Sikuludiraiva timasunga kwa munthu mmodzi yekha, ndipo gulu lidasankha mtsikana uja, popeza ndiye adakhala pambali pa bambo wachikulire masiku onse akuphunzira, mpaka pano amayi a midzi ina amamuitana.

Mayi wa ku Dedza ndi inu a ku Mzuzu, vundukulani makinawo, muwerenge nambala yolembedwa pa kachitsulo ka kutsogolo ndi ya pa paketi ya masingano. Mukandilemberanso, ikani manambala awiriwo m'kalata, pamodzi ndi kachidutswa ka chikopa kamene makina adasoka komaliza, kuti ndikamuonetse mtsikanayu tisanakuyankheni.